Tayala Linaphwera Pakhomo pa Bambo Ake

Pa msewu wonse wa m'mbali mwa nyanja panalibe amene ankamutchula Liezel dzina lake. Amayi a pamsika ankati Inday, monga amaitanira mtsikana aliyense kuno pa chilumba cha Bohol, koma amuna okhala pa benchi la pa shopu ya bambo ake ankati Dzira. Dzira la a Berting. Dzinali linayamba ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, chaka chomwe mayi ake anapita kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Hong Kong, bambo ake n'kuyamba kumusamala ngati chinthu choti chikangogwa chasweka. Ankamuperekeza kusukulu mpaka pa geti. Mango ankamusendera. Nsomba ankayamba aichotsa minga asanamuikire m'mbale, ndipo sanasiye ngakhale pamene Liezel anamaliza sekondale n'kuyamba ntchito yochapa ndi kupinda matawulo pa hotelo ya alendo.

A Berting ankamata matayala. Shopu yawo inali denga la malata pa nsanamira zinayi, benchi, beseni la madzi akuda, ndi chitini cha mkaka chomwe ankaponyamo msomali uliwonse ndi munga uliwonse umene auzula m'tayala. Liezel anakulira pamenepo. Ntchito imene ankaloledwa inali imodzi yokha: bambo ake akamiza chubu m'beseni, iye ankaloza pomwe pakutuluka thovu. Basi.

"Manja akowo ndi a cholembera," ankatero a Berting, n'kumusuntha ndi chigongono.

Matayala a njinga ankawatsegula ndi masupuni awiri akale amene anawasula okha ndi hamala mpaka kuphwatalala, ndipo masupuni amenewo palibe ankawakhudza, kaya akhale ndani. Kuyang'ana kokha ndi kumene sanamuletse. Ndiye Liezel ankayang'ana, zaka khumi zathunthu, ali phee pa kampando kake.

Nkhani ya mpikisano anabwera nayo ndi msuweni wake wamkulu, Ate Glenda (Ate ndi mmene amaitanira achemwali kuno), namwino wa pa chipatala chaching'ono cha m'tauni. Anamupeza m'mawa wina akusambira kuseri kwa maboti, komwe Liezel ankapita asanalowe ntchito chifukwa n'kokhako kumene bambo ake sankamutsatira. A Berting madzi ankawaopa.

"Iwe, kusambira kumeneku ndiye uzingopinda matawulo?" anatero Glenda ali pamchenga. "Mu Meyi kukubwera mpikisano wa patatu uja, waufupiwo. Usambira mamita 750, upalasa njinga makilomita makumi awiri, uthamanga asanu. Njinga yanga yakale ili pakhonde, ikungodyedwa ndi dzimbiri. Ine chaka chino ndili mu tenti ya ovulala, ndizikamanga mabala a anzako."

Liezel anafinya tsitsi lake.

"Amalemba mayina a amene amaliza, Ate?"

"Onse. Ngakhale wotsirizira. Dzina lonse ndi nthawi yake, n'kumata pa khoma la holo."

Chimenecho ndicho chinamukoka. Za kupambana sankaziganizira n'komwe. Ankangofuna mzere umodzi pa pepala la pa khoma la holo, Liezel Bantugan, pa chinthu chimene wachita yekha kuyambira poyambira mpaka pothera.

Anakonzekera miyezi itatu. Akamapalasa, a Berting ankamutsatira m'mbuyo pa njinga yawo yamoto, pang'onopang'ono, pampu atamangirira pa kaliyala. Amuna a pa benchi anapezerapo zoseka. Mtsogoleri wawo anali Noy Tasyo (Noy ndi mmene amaitanira bambo wamkulu kuno), wa kabaza, mnzawo wa a Berting kuyambira ali ana.

"Berting, pothamanga paja ukamubereka kumsana kapena ukamusenza pamutu?"

"Tseka pakamwa, chimimba iwe. Ungathamange iwe kufika pa mpope apo osaitanitsa ansembe?"

Loweruka lomaliza masana, opikisana onse anawaitanira ku holo. Analipo oposa mazana awiri, ambiri ochokera ku mzinda wa Cebu, njinga zawo zopepuka ngati nsungwi youma. Mayi wina wamfupi, wezulo ili m'khosi, anawerenga malamulo. Awiri ndi amene anamukhala Liezel m'mutu. Loyamba linali la nthawi: mpikisano uyamba sikisi koloko, ndipo amene pofika hafu pasiti seveni sanabweze njinga yake mumpanda wosungiramo njinga, asavutike n'kuvala nsapato zothamangira, wathera pomwepo. Lachiwiri mayiyo analibwereza kawiri.

"Munthu wa kunja asakuthandizeni chilichonse. Asakupatseni madzi, asakukankheni pa chitunda, asagwire njinga yanu. Ikawonongeka mukonze nokha, zikakanika muikankhe. Amayi anu, amuna anu, kaya ndi a meya, akangoigwira, dzina lanu tikulifufuta."

Liezel atafika kunyumba anapeza pa shopu pali chipwirikiti. Popeza njira ya njinga inkadutsa pomwepo popita ndi pobwera, anthu oyandikana nawo anagwirizana zomanga chipata cha nsungwi ndi masamba a kokonati chodutsa pamwamba pa msewu, monga amachitira pa chikondwerero cha woyera San Roque. Pa shiti yoyera analemba ndi penti kuti INDAY WATHU 214, Noy Tasyo n'kujambulapo dzira pakona. A Berting anali pamwamba pa mgolo, akumanga nsungwi ndi waya wobiriwira, n'kumadula nsonga ndi pulayala, tizidutswa tikugwera pansi.

Liezel anawauza za lamulo lachiwiri lija.

"Lamulo la kuti limenelo?" anafunsa a Berting waya ali kukamwa. "Munthu wavutika pamsewu, anthu n'kumangomuonerera ngati filimu? Kuno?"

Ankanena zoona. Pa msewu uno palibe amakankha njinga yakufa mtunda wa nyumba ziwiri wina asanamulande, ndipo galimoto ikatitimira, ngakhale odwala amadzuka kudzakankha.

"Ndi lamulo, Tatay."

"Lamulo la a ku Cebu. Tayala ndapopa ndekha, ndaona ndekha, siliphwa limenelo. Pita ukadye."

Iwo akadali pamgolo, Liezel analowa mu shopu, n'kutenga masupuni awiri aja pa msomali wake. Anawaika m'kachikwama ka pansi pa chishalo, pamodzi ndi chubu chatsopano ndi kapampu kakang'ono kamene Glenda anamupatsa. Dzuwa likulowa anamva bambo ake akukalipa panja.

"Tasyo, masupuni anga ali kuti?"

"Ndidye nawo chiyani masupuni ophwatalala?"

"Iwe ndi amene unali mkatimu. Bweza, wakuba iwe."

Liezel anangoweramira mbale yake ya mpunga.

M'mawa mwake, kunja kukuyamba kuyera, mnyamata wina anamulemba 214 pa mkono ndi cholembera chachikulu, n'kumumanga kalamba kowerengera nthawi pa kakolo. Njinga anaipachika pa chitsulo mumpanda, chipewa cholimba pa mahendulo, nsapato pansi pake. Pamchenga anthu ankajambulana, ankakumbatirana, ankadumphadumpha. Iye anaima kumapeto, manja atapinda, akuyang'ana chibaluni chofiirira chomwe chinkayandama kutali, chimene ankayenera kuchizungulira.

Lipenga linalira.

Liezel anali asanasambirepo pakati pa anthu. Madzi amene ankawadziwa anali achete, oonetsa mchenga pansi. Awa anali thovu, zigongono ndi zidendene. Wina anamuponda paphewa. Wina anamukwera pamsana ngati akuwoloka ngalande. Phazi linamumenya pa magalasi osambirira, madzi amchere n'kulowa diso lamanzere, ndipo kwa kanthawi anaiwala kupuma. Anaimika thupi, n'kuyang'ana kumtunda. Sikunali kutali. Kenako anachita zomwe amachita funde likamuposa: anamira pang'ono, n'kulowera kumbali, kunja kwa gulu, komwe madzi anali oyera. Njira inatalika, koma inali yake. Pansi anaona tinsomba tamizeremizere tomwe amationa tsiku lililonse, tikudya osalabadira za mpikisano. Mpweya unabwerera. Anayamba kuwerenga mikono, ndipo atazungulira chibaluni chija anazindikira kuti akudutsa anthu, amuna akuluakulu amene ankasambira mutu uli m'mwamba ngati agalu.

Anatuluka m'madzi patapita mphindi makumi awiri ndi imodzi. Mumpanda njinga zambiri zinali zikadalipo. Anayamba wamanga chipewa asanagwire njinga, monga anawauzira, n'kuikankha mpaka pa mzere, n'kukwera.

Pa njinga ndi pomwe a ku Cebu anamubwezera. Ankamudutsa mmodzimmodzi, matayala awo akulira ngati njuchi. Iye sanawathamangitse. Shopu inali pa kilomita yachitatu, ndipo phokoso lake analimva chipatacho asanachione: mapoto, zivindikiro, hutala ya Noy Tasyo. "Dzira! Dzira! Dziraaa!" Anaweramitsa mutu, makutu akutentha, n'kudutsa pansi pa masamba a kokonati aja. Anangoona ndi kona ya diso bambo ake ataima pamgolo uja, chipewa akuchizunguza m'mwamba.

Anakhotera pa tchalitchi chakale, pa kilomita ya khumi. Pobwerera mphepo inali kumsana. Wotchi ya pa mkono inali itadutsa kale seveni koloko pamene anaonanso chipata chija, tsopano chitapendekeka pang'ono ndi mphepo. Kutsala makilomita atatu, nthawi ilipo yambiri. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anaganiza zokweza dzanja kuti awabayibitse.

Anangodutsa pansi pa shiti ija pamene tayala lakumbuyo linati tswiii, kenako limu n'kuyamba kugunda phula, gu, gu, gu.

Mapoto anasiya kulira. Liezel anatsika, n'kuyang'ana. Tayala linali litaphweratu, pakhomo penipeni pa shopu yomata matayala. Wotchi inati mphindi zisanu ndi zitatu kupitirira seveni.

Anthu anakhamukira pamsewu. Patsogolo panali a Berting, akuthamanga ndi pampu yawo yaikulu, patapata mmodzi atavuka. Dzanja lawo linali litatsala pang'ono kufika pa chishalo.

"Musaigwire!"

Palibe pa msewu umenewo anali atamvapo mawu a Liezel akukwera chonchi. Ngakhale galu wa pa golosale anasiya kuuwa. Dzanja la a Berting linaima m'malere.

"Inday, mphindi ziwiri basi. Ukudziwa kuti ine ndi mphindi ziwiri."

"Ayi, Tatay."

"Kulibe wa wezulo kuno. Yang'ana wekha, msewu uli mbee."

"Tiima mozungulira, Inday," anatero Noy Tasyo, mawu atatsitsa. "Mimba yangayi yokha ibisa njinga yonse. Palibe aone."

"Ndiona ineyo," anatero Liezel.

Sanawayang'ane. Anatembenuza njinga, chishalo pansi matayala m'mwamba, n'kumasula kachitsulo ka pakati pa gudumu. Tcheni chinakakamira. Anachikoka ndi zala, mafuta akuda n'kumudetsa mpaka m'zikhadabo, gudumu n'kutuluka. A Berting anaika pampu pansi. Anapisa manja m'matumba, n'kuwatulutsa. Anawapanira m'khwapa. Kenako anawapititsa kumbuyo, n'kunena osatembenuka:

"Tasyo, ndigwire."

"Ati chiyani?"

"Ndigwire manjawa, chitsiru iwe. Gwiritsa."

Noy Tasyo anawagwira m'mikono ngati wapolisi wagwira wakuba nkhuku.

Liezel anatsegula kachikwama kaja. Masupuni awiri anagwera pa phula, ngwee.

"Masupuni anga!"

"Ehee!" anakuwa Noy Tasyo. "Mwaona nonse? Dzulo ndinatukwanidwa ine mpaka agogo anga a kumanda. Wakuba uja ndi uyu, wa nambala pa mkono!"

Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mantha. Liezel analowetsa supuni yoyamba pansi pa mlomo wa tayala, n'kuikola pa sipoko. Yachiwiri inaterereka n'kumukanda chala. Anailowetsanso, pafupi ndi yoyamba, chifukwa anakumbukira kuti bambo ake satalikitsa masupuni, ndipo mlomo wa tayala unadumpha. Anazunguza supuni kuzungulira limu, n'kusolola chubu chakufa, n'kuchiponya kumbali. Anthu awiri opikisana anadutsa. Kenako atatu. Anatambasula chubu chatsopano n'kuyamba kuchilowetsa mwachangu.

Kumbuyo kwake a Berting anatsegula pakamwa, n'kutsekanso, mpaka mano anamveka.

Liezel anaima. Sanawamve bambo ake, koma panali chinachake chimene manja ake anali asanachite. Zaka khumi, chubu chilichonse chisanalowe, a Berting ankatseka maso n'kuyendetsa zala mkati mwa tayala kuzungulira konse, ngakhale mwini njinga akhale akufulumira chotani. "Chaboola chija chikadali momwemo, chikudikira chubu china," ankatero kwa makasitomala osapirira. Liezel anatulutsanso chubucho n'kuchikoleka m'khosi. Anatseka maso. Zala zinayenda pang'onopang'ono, mphira wofunda, mchenga pang'ono, mphira, mphira. Theka la tayala linatha. Kenako china chake chinamubaya chala chapakati.

Anachikankha kuchokera kunja ndi nsonga ya supuni, n'kuchikoka ndi mano. Kanali kachidutswa ka waya wobiriwira, kodulidwa mopendekeka ndi pulayala.

Aliyense amene anali pafupi anakaona. Ena anayang'ana m'mwamba, pa nsungwi za chipata. A Berting nkhope inagwa ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro. Liezel anayeza ndi diso mtunda wofika pa nsanamira ya shopu, n'kuponya kawayako m'chitini cha mkaka chija, monga amachitira bambo ake. Kanalowa, kee.

"Aaa," anatero mayi wina wa pamsika. "Mwana wa Berting ndithu."

Anauzira kampweya pang'ono m'chubu ndi pakamwa kuti chisapindike, n'kuchilowetsa, kuyambira pa valavu. Mlomo wa tayala unabwerera mosavuta mpaka patatsala chikhatho chimodzi, pomwe unalimba ngati mwala. Supuni inali pafupi, koma pamenepa bambo ake sagwiritsa supuni, imaluma chubu. Anagoneka gudumu pa mawondo, n'kukankha ndi zala zazikulu zonse ziwiri. Zinakana. Anakankhanso, mano atalumana, misozi ya ukali ikubwera. Tayala linati phwa, n'kukhala m'malo mwake.

Pamene ankabwezera gudumu pa tcheni, njinga yamoto inaima pambali. Kumbuyo kwake kunali mayi wa wezulo uja. Anayang'ana mtsikana wogwada pa phula, pampu yaikulu ili pansi yosagwiritsidwa ntchito, ndi bambo wogwidwa manja kumbuyo.

"Bambowa alakwa chiyani?"

"Ndi bambo ake," anayankha Noy Tasyo. "Ndi omata matayala."

Mayiyo anaonanso chikwangwani cha shopu, n'kugwedeza mutu. "Nambala 214, kwatsala mphindi khumi ndi zitatu kuti titseke mpanda."

Kapampu ka Glenda kanali kotalika ngati chinangwa chimodzi. Liezel anayamba kupopa. Ana anayamba kuwerenga mokweza, akuluakulu n'kulowerera, msewu wonse ukuwerenga pamodzi. Makumi asanu. Zana. Mikono imene inasambira ija inayamba kuyaka moto. Pa zana ndi makumi asanu ndi limodzi anasiya, n'kudina tayala ndi chala chachikulu, mutu atapendeketsa, ndendende mmene amachitira a Berting. Linali lofewa pang'ono, koma lofika nalo. Anatola masupuni, chubu chakufa n'kuchipisa m'malaya kumsana, n'kutembenuza njinga.

Apo ndi pomwe anawayang'ana bambo ake. Noy Tasyo anali atawasiya kale, koma manja anali akadali kumbuyo.

"Pita," anatero a Berting. "Ukuyang'ana chiyani? Pita!"

Makilomita atatu amenewo sanawaone. Ankangomva tayala lofewa likukoka phula ndi mpweya wake ukulira kukhosi. Pa chitunda cha pa sukulu anaimirira pa mapedulo. Sanayang'ane wotchi chifukwa ankaopa. Atafika pa mzere wotsikira, mnyamata wa pa geti la mpanda anali atagwira kale chingwe chotsekera.

"Thamanga, Ate, thamanga! Mphindi imodzi ndi theka!"

Analowa. Mumpanda, momwe m'mawa munali njinga zambiri zodikira eni ake, tsopano malo opanda njinga anali owerengeka, ndipo amodzi anali ake. Anaipachika, n'kuvula chipewa. Kumbuyo kwake chingwe chinatsekedwa, ndipo anamva bambo wina amene anafika mochedwa akuchonderera.

Kuthamanga kunali kwa mtundu wina. Miyendo inali ngati wabwereka kwa munthu wina wamfupi. Kilomita yoyamba anaiyenda theka. Dzuwa linali litakwera, phula likutulutsa fungo. Pa tebulo la madzi a mpikisano anamwa kapu imodzi, ina n'kudzithira pamutu, kapuyo n'kutsala ndi zidindo zakuda za zala zake. Mkulu wina wa imvi, nambala 77, ankathamanga pang'onopang'ono pambali pake, mapazi akukhwekhwereza.

"Wagwa, mwanangu?" anafunsa, akuyang'ana manja ake.

"Tayala linaphwa, Noy."

"Wakonza wekha?"

"Eya."

"Ine chaka chatha ndinakwera galimoto yotolera olephera," anatero mkuluyo, n'kuseka mpaka kutsokomola. "Usandidikire. Pita."

Anapita. Pa kilomita yachitatu miyendo inamubwerera, ndipo anayamba kuona zinthu: mayi akuyanika nsomba pa ukonde, tambala womangidwa mwendo pansi pa mtengo, mthunzi wake womwe ukuthamanga patsogolo pake, chubu chakufa chikuoneka ngati linunda pamsana. Anadutsa anthu anayi. Atakhota pa msika anaona chipata chenicheni cha pothera, ndi wotchi yaikulu pamwamba pake ikunena maola awiri ndi mphindi zisanu ndi zinayi.

Wolengeza anayang'ana pa pepala lake. Mawu anamveka pa zokuzira mawu zonse, mpaka ku maboti.

"Nambala 214, wa konkuno kwathu, koyamba kupikisana. Liezel Bantugan!"

Anawoloka mzere. Mtsikana wina anamuveka mendulo, ndipo Glenda anatuluka mu tenti ya ovulala akukuwa, n'kumukumbatira osasamala za yunifomu yake yoyera.

"Taona manjawo! Wapikisana kapena wagwira ganyu ku galaja?"

A Berting anafika mochedwa, chifukwa msewu unali wotseka ndipo Noy Tasyo anawadutsitsa njira ya m'minda ya kokonati. Sanapite kwa mwana wawo. Anapita kwa mayi wa wezulo, chipewa chili m'manja.

"Pepani, mayi. Panopa ndingaigwire njinga ija?"

"Wamaliza, bambo. Igwireni mmene mungafunire."

Liezel atatulutsa njinga mumpanda, iwo anagwada pa tayala lakumbuyo. Analidina ndi chala. Analizunguza, diso lili pa mlomo wa tayala, kuzungulira kamodzi, kawiri.

"Mpweya wachepa," anatero.

"Ndikudziwa, Tatay."

"Koma lakhala bwino. Sunalume chubu." Anapukuta sipoko imodzi ndi chala popanda chifukwa. "Waya uja ndi wanga."

"Ndikudziwa, Tatay."

"Ndikanasesa."

Liezel anatenga dzanja la bambo ake n'kuligunditsa pamphumi pake mwaulemu, monga amachitira akafika pakhomo madzulo aliwonse. Iwo sanalibweze dzanjalo msanga. Anatembenuza chikhatho cha mwana wawo, n'kuyang'ana mafuta a tcheni m'mizere yake, chala chokandika, ndi kabala ka waya kamene kanali kataumira magazi.

"Dzira lathu lija," anayamba Noy Tasyo, akufika ndi madzi a kokonati m'manja.

"Ali ndi dzina," anatero a Berting osatembenuka. "Sunamve pa zokuzira mawu? Kapena makutu nawonso alowa m'mimbamo?"

Pepala analimata pa khoma la holo masana omwewo. Liezel anadikira kuti anthu achepe. Anayambira pansi kuwerenga, ndipo sanakwere kwambiri: wa nambala 181 mwa anthu 196 amene anamaliza. Anawerenga mzerewo katatu. Bambo ake, amene magalasi anawaiwala kunyumba, anamuuza kuti awalozere, ndipo chala chake chinasiya kadontho kakuda pambali pa dzinalo.

Lolemba m'mawa miyendo inali itauma ngati matabwa. Anatsika masitepe a nyumba chammbali, yunifomu ya ku hotelo atavala, masupuni ali m'manja kuti akawabweze pa msomali. Chipata chija chinali chitaphwasulidwa, ndipo msewu wa pakhomo unali woseseka mpaka ku ngalande. Pa shopu panali mayi wogulitsa nsomba, njinga yake itaphwa tayala lakutsogolo, ayezi akusungunuka m'bokosi. A Berting anali pa benchi, kapu ya khofi ili m'manja, ndipo sanadzuke.

"Liezel," anatero, "ntchito umalowa nthawi yanji?"

"Eyiti koloko, Tatay."

Anayang'ana wotchi ya pa nsanamira, kenako anakankhira beseni la madzi kwa iye ndi phazi.

"Ndiye pinda manja a malayawo. Thovu ndiloza ine."